Bilu yakwera katatu, kenako foni ya munthu wodziwa zanu zonse

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa cha ku Chankhanga, ku Kasungu. Anandipempha kuti dzina ndisatchule. Akuti bilu ya madzi ya mwezi wa Okutobala inabwera yokwera pafupifupi katatu kuposa ya miyezi yonse, chonsecho mwezi umenewo mpopi unkangopuma mpweya masiku ambiri. Patangopita masiku awiri, bambo wina anawaimbira foni. Anawatchula mayina onse awiri, nambala ya akaunti, mpaka ndalama zenizeni za pa biluyo. Akuti iye ndi wa ku ofesi ya madzi, ndipo akamutumizira theka pa nambala yake, zotsalazo azifufuta mu kompyuta. Mayiwo sanatumize. Koma pa gulu la WhatsApp la m'dera lawo kwabuka mphekesera yoti akuba analowa m'makompyuta a bungwe la madzi, mabilu onse ndi abodza, ndiye aliyense aleke kulipira. Funso lawo ndi ili: "Achimwene, ndileke kulipira? Nanga munthu uja zanga anazitenga kuti?"

Amayi, mwachita bwino kusatumiza. Amene uja ndi kathyali. Ndalama ya madzi imalipiridwa ku ofesi, ku banki, kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba posankha dzina la bungwelo. Siilowa pa nambala ya munthu.

Kulipira musaleke. Chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Pano ndikufuna timasule kaye mtolo, chifukwa anzanu a pa gulu aja amanga nkhani ziwiri ndi luzi limodzi. Ya bilu mukhoza kuifufuza nokha pakhomo panu, ndi maso anu. Ya foni ija simungaifufuze nokha, ndipo imeneyo ndi imene bungwe liyenera kukuyankhani.

Pitani pa mita ndi kansanza, mupukute galasi. Manambala akuda ndi amene amawerengera bilu. Nambala yakuda ikasuntha kamodzi, ndiye kuti padutsa malita 1,000, zomwe ndi ndowa 50 za malita 20. Ofiira aja ndi timalita tosakwana 1,000. Tsopano tengani bilu. Pali manambala awiri, imene anawerenga ulendo watha ndi imene akuti awerenga ulendo uno. Yerekezani yachiwiriyo ndi imene mukuona pa mita lero. Mita sibwerera m'mbuyo. Ngati bilu ikunena 0520 koma mita lero ikuonetsa 0496, palibenso chokambirana, wina analemba molakwika kapena anangolemba ali pa mthunzi wa mango osafika pamalopo. Jambulani mitayo ndi foni, nambala ya mita yomwe ioneke, chifukwa zimachitikanso kuti munthu amalipira madzi a mita ya neba.

Manambala akagwirizana, onaninso ngati pa biluyo sanaphatikizepo ngongole ya miyezi ya m'mbuyo. Ganiziraninso ngati owerenga mita ankafika. Geti ikakhala yokhoma, galu ali pabwalo, kapena mita itakwiririka ndi dothi, bilu imabwera yongoyerekeza. Akayerekeza motsika miyezi itatu, tsiku limene adzawerengedi, madzi onse otsala aja amaunjikana pa bilu imodzi. Ndipo pamene mtengo wa madzi uli wa masitepe, woti ukagwiritsa ntchito ambiri mtengo wa muyezo uliwonse umakwera, kuunjikana kumeneko kumaluma kawiri. Apo muli ndi poyambira dandaulo.

Pali china chimene ine ndinachiphunzira mochititsa manyazi. Zaka zapitazo, m'nyumba ya lendi, bilu inandikwerera chimodzimodzi. Ndinayenda mtunda wonse ndikutukwana mumtima, ndinauzanso aneba kuti anthu a madzi ndi mbava. Madala ena okonza mapaipi anabwera, osanena zambiri. Anati titseke mipopi yonse, tikagwade pa mita. Kagudumu kakang'ono ka pakati paja kankazungulirabe, pang'onopang'ono ngati nkhono, koma osaima. Kenako analowa m'chimbudzi, n'kuvundukula kathanki, n'kuthiramo Sobo wofiira pang'ono. Anati tidikire, tisagujumule. Pasanathe mphindi khumi, madzi a m'munsi anali atafiira. Kalabala ka pansi pa thanki kanali katatha, madzi ankangotsetsereka usana ndi usiku popanda phokoso. Werengani nokha: kapu imodzi ya 250 ml pa mphindi ndi malita 360 pa tsiku, malita 10,800 pa mwezi. Ndowa 540 zimenezo, zongolowa m'dzenje. Kalabalako mtengo wake sunafike n'komwe pa wa nkhuku.

Munganene kuti nanga madzi atayika bwanji poti kunalibe. Kasungu timamudziwa. Dzuwa la Okutobala likafika, damu la Chitete limatsika, madzi amabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri usiku anthu ali mtulo. Ndiye mpopi umasiyidwa chitsegulire, ndowa ili pansi, kuti akabwera timve. Amabwera 2 koloko usiku, palibe wamva, ndowa yasefukira mpaka mbandakucha. Palinso mpweya. Mapaipi akakhala opanda madzi amadzaza mpweya, ndipo madzi akamabwerera amaukankha kudutsa pa mita. Mita siidziwa kusiyanitsa, imangozungulira. Zimenezi n'zoona, si nthano. Komabe ine sindikhulupirira kuti mpweya wokha ungakweze bilu katatu. Umawonjezera, koma pamakhala chinanso. Madzi akachoka, tsekani kampopi ka pafupi ndi mita, mudzatsegule akabwera.

Zonsezi zikakhala bwino koma manambala akuthamangabe, pemphani kuti mita ikayezedwe. Musanapite, dziyezereni: lembani manambala ofiira, dzazani chigubu cha malita 20 kasanu, muone ngati mita yawonjezera malita 100.

Tsopano bambo wa foni uja. Apa ndiye pandikhudza kwambiri, chifukwa mantha anu ndi omveka. Munthu wosamudziwa akakutchula dzina ndi ngongole yako, m'mimba mumatentha.

Koma kudziwa zimenezo si umboni woti makompyuta athyoledwa. Dzina, nambala ya akaunti ndi ndalama zili pa bilu, ndipo bilu imadutsa m'manja ambiri. Ya pepala imasomekedwa pa geti, aliyense wodutsa akhoza kuisuzumira. Kwa ejenti timatchula nambala ya akaunti mokweza, mzere wonse ukumva, iye n'kulemba m'kope limene limakhala poyera pa kauntala, nambala ya foni ili pambali. Ndiye pali chimene mwandiuza nokha kumapeto kwa imelo, kuti anthu akuponya zithunzi za mabilu awo pa gulu posonyezana mmene akwerera. Amayi, ngati inunso munaponya, munthuyo sanafunike kuthyola kalikonse. Pa gulu la WhatsApp nambala ya foni ya aliyense imaoneka, ndipo chithunzi chimachoka gulu ili kupita lina ngati moto wa tchire.

Ngati simunaonetse aliyense, nkhani yasintha. Funsani aneba anu mmodzimmodzi kuti ndani winanso anaimbiridwa, ndipo bilu yake anaionetsa ndani. Mukapeza anthu angapo amene mabilu awo sanatuluke m'nyumba, koma woimbayo anatchula ndalama zenizeni bilu itangotuluka kumene, ndiye kuti podontha pali pafupi ndi kasupe. Akhoza kukhala wantchito wosakhulupirika, munthu wa kampani yolembedwa ganyu yotumiza mauthenga, kapena akuba a pa intaneti.

Akuba a pa intanetiwo alipodi, ndipo makampani a madzi amawakonda. Mu 2022 kampani ya South Staffordshire Water ya ku England inalowedwa, ndipo pambuyo pake inauza ena mwa makasitomala ake kuti mayina, maadiresi ndi manambala awo a ku banki mwina anatuluka. Mu Okutobala 2024 American Water, kampani yaikulu ya madzi ku America, inatseka kaye tsamba lake la makasitomala n'kuimitsa kutulutsa mabilu italowedwa. Kwathu kuno tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024, pamene mapasipoti anasiya kusindikizidwa. Poyamba tinkangomva zoti makina avuta, mpaka mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba analowa m'makinawo ndipo akufuna dipo.

Koma taonani chimene akubawa amachita. Amaba mbiri za anthu kuti agulitse, kapena amakhoma makina kuti awalipire. Kukweza bilu yanu sikuwapindulira, chifukwa ndalamayo mukalipira ikupita ku bungwe, osati kwa iwo. N'chifukwa chake mphekesera yoti mabilu akwera chifukwa cha akuba ine siikundilowa. Kathyali wa foni uja anangopeza anthu okwiya kale n'kuponya mbedza.

Komabe anthu a pa gulu aja sindikuwaseka. Foni ikakuvuta umasintha simu, ena timayenda ndi ziwiri. Madzi a m'mipopi ogulitsa ndi mmodzi. Lamulo la Waterworks Act la 1995 linagawa ntchitoyi kwa mabungwe asanu, la Blantyre, la Lilongwe, ndi a zigawo zitatu, lililonse ndi dera lake. Munthu amene sangathawire kwina, amene amalandira bilu yosafotokozedwa mwezi umene mpopi unali gwaa, akamva mphekesera amaigwira ndi manja awiri. Ndipo nkhani ya mapasipoti ija inatiphunzitsa kuti mawu akuti makina avuta nthawi zina amabisa zambiri. Bungwe lililonse losunga mayina athu likakhala chete, lisadabwe kuti WhatsApp yalilankhulira.

Chimene ambiri sakudziwa n'chakuti pano muli ndi ndodo m'manja. Lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu June 2024, ndipo loyang'anira ndi bungwe la MACRA, lija loona za mafoni ndi mawailesi. Lamuloli limakupatsani ufulu wofunsa aliyense wosunga mbiri yanu kuti akusunga zotani, akuzigwiritsa ntchito yanji, wazipereka kwa yani, ndiponso kuti akonze zolakwika. Mbirizo zikabedwa kapena kutuluka, wosungayo ayenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72, ndipo ngati eni ake ali pa chiopsezo chachikulu ayenera kuwauzanso iwowo. Choncho funso lanu lija, loti munthu uja zanga anazitenga kuti, si lofunsa ine ndekha. Lilembeni.

Lembani makalata awiri osiyana, chifukwa mukaphatikiza adzayankha yophwekayo basi. Ya bilu ikhale ndi nambala ya akaunti, nambala ya mita, chithunzi chija ndi tsiku limene munajambula. Ya foni ikhale ndi tsiku, nthawi, nambala imene inaimba ndi zimene munthuyo anatchula, kenako mufunse kuti ndani amaona mbiri yanu komanso ngati inatulukapo. Aneba amene anaimbiridwanso asayine nawo. Popereka, tengani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo mubwerere nayo. Dandaulo la pakamwa limathera pa kauntala pomwepo. Akapanda kuyankha, ya mbiri ipite ku MACRA, ya bilu ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, kapena ku ofesi ya Ombudsman.

Pa nthawi yonseyi lipirani ndalama imene mumalipira mwezi wamba, musunge lisiti, ndipo m'kalata muneneretu kuti yotsalayo mukuitsutsa, asadule madzi nkhani isanathe. Mukangoleka, kompyuta siidziwa kuti mwakwiya. Imangoona ngongole, amabwera kudzadula, kenako mulipira ngongoleyo kuphatikiza ya kulumikizanso, kwinaku ana akusenza zigubu kuchokera ku mjigo. Amene akukulimbikitsani pa gulu aja, tsiku limenelo mafoni awo adzakhala opanda chaji.

Nambala ya kathyali uja musaifufute. Ikaneneni ku kampani ya foni ndi ku polisi. Kuyambira 2018 simu iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ngakhale akuba ambiri amagwiritsa ntchito ziphaso za eni ake. Adzaimbanso, mwina ndi nambala ina, mwina ulendo uno adzati ndalama yanu ikubwezedwa, mungotchula pini kapena manambala amene abwera pa foni. Dulani foniyo. Amayi anu okalamba kapena mwana amene mumamutuma kukalipira muwauziretu.

Mawa m'mawa madzi asanatsegulidwe lembani manambala a pa mita, akuda ndi ofiira omwe, mudzalembenso madzulo, kwa masiku asanu ndi awiri. Munditumizire pamodzi ndi mabilu atatu apitawo, dzina ndi nambala ya akaunti mutaziphimba ndi chala pojambula, tidzawerengere limodzi.