Chithunzi chatuluka chakuda, kasitomala wakana kulipira, ndisinthe osindikiza?

Imelo iyi yachokera kwa mnyamata amene amajambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe ku Zomba. Kasitomala anapempha chithunzi chachikulu cha A1 choti akapachike pa balaza, iye anatumiza kwa osindikiza pa WhatsApp, chitatuluka nkhope zinali zakuda, suti ya mkwati yomwe inali ya buluu inasanduka ya pepo, ukayandikira kumangoona timabokosi. Kasitomala wakana kulipira. Nde akufunsa kuti fayilo aziikonza bwanji, kapena angosintha malo osindikizira.

Achimwene, mawu omalizawo ndi amene andikhudza kwambiri, chifukwa ine ndinakhalapo kuseri kwa makinawo. Ndinagwira ntchito pa shopu ina yosindikiza ku Limbe, mkachipinda kotentha, fungo la inki likumakupweteka mutu pofika masana, makina akungoti uku ndi uku tsiku lonse, ndipo munthu aliyense amene chithunzi chake sichinatuluke bwino amayamba ndi ife. Makina anu ndi akale. Inki yanu ndi yachinyengo. Mwandionongera ntchito. Sindikunena kuti mashopu onse ndi oyera ayi, ndibwerako kumeneko, koma zambiri zimene ndinaziona ndi maso angawa zinali zitaonongeka kale fayilo isanalowe pakhomo pathu.

Pali mayi ena amene sindidzawaiwala. Anabwera chakum'mawa atavala chitenje ndi duku, akuti kumudzi ku Ntcheu kuli mwambo wa chiliza cha mayi awo Loweruka likubwerali ndipo abale agwirizana kuti pakhale chithunzi chachikulu cha malemuwo, choti akachiimike kutsogolo anthu onse azichiona. Anatulutsa foni n'kundionetsa. Pa foni chinkaoneka bwinobwino, gogo atakhala pa mpando, manja pa maondo, akumwetulira pang'ono. Nditachiika pa kompyuta n'kuchikulitsa kufika pa saizi imene amafuna, nkhope yonse inasungunuka, maso anali timadontho tiwiri takuda, pakamwa posaoneka komwe. Ndinawatembenuzira sikirini kuti aone okha. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anati, koma amayiwo si amenewa.

Ndinawafunsa kuti chithunzichi mwachitenga kuti. Akuti mwana wa achemwali awo anachijambula ndi foni kuchokera mu alubamu, n'kuponya pa gulupu ya banja, wina ku Johannesburg anachiika pa status, iwo n'kuchita screenshot. Nde taganizani, chithunzi chapepala chajambulidwa ndi foni, chapanikizidwa ndi WhatsApp, chapanikizidwanso pa status, kenako screenshot. Chimene chinafika kwa ine sichinkakwana ngakhale kusindikiza pa kapepala ka mthumba.

Bwana wanga panthawiyo anati ingosindikiza, ndalama alipira kale. Ine mtima unakana. Ndinawapempha mayiwo kuti ngati alubamuyo ilipo aitanitse chithunzi chenichenicho, ndipo anaimbadi foni pompo, chithunzi chinabwera pa minibasi mawa lake chili mu envulopu mkati mwa buku la nyimbo kuti chisapindike. Kanali kachithunzi ka 10 x 15 cm, kotuwa m'mbali, kokhala ndi kamzere pakati pomwe kanapindikapo kalekale. Tinakaika pa sikana pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), zomwe zimapereka mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi, pafupifupi 2400 x 3600, ndinachotsa kamzere kaja pang'onopang'ono, kukweza kuwala pa nkhope, n'kusindikiza kachidutswa ka nkhope yokha kaye kuti aone. Makwinya a pachipumi anaoneka, ndolo zinaoneka, ngakhale maluwa a pa duku la gogoyo. Mayi aja anagwira pepalalo ndi manja awiri, ndipo anangoti eya, ndi amenewa. Makina anali omwewo, inki yomweyo, munthu yemweyo.

Nde ine pa nkhani ya WhatsApp sindinyengerera munthu. Wojambula amene amalipiritsa anthu ndalama zawo, amene wagula kamera ya mtengo wapatali, n'kumatumiza ntchito kwa osindikiza ngati chithunzi wamba cha pa chat, akudzibera yekha ndipo akubera kasitomala. WhatsApp imachepetsa chithunzi, nthawi zambiri mbali yaitali imatsala pa mapikiselo pafupifupi 1600, kenako imachipanikiza kuti chisadye bandulo. Kwa anthu ocheza zimenezo ndi zabwino. Kwa inu ndi imfa ya ntchito. Ndikudziwa bandulo ndi yodula, ndikudziwa netiweki imavuta, koma pali njira yotumizira ngati Document yomwe siikhudza fayilo, pali Google Drive, pali flash yoti mungokwera nayo minibasi. Munthu sungataye chithunzi cha ukwati wa anthu, tsiku lomwe silibwereranso, chifukwa choumira ma megabyte makumi awiri. Ufa wa mbale imodzi sungaphikire nsima ya pa ukwati, olo uthire madzi ochuluka bwanji likhala phala basi, ndipo mapikiselo ndi chimodzimodzi.

Ndipo nkhani ya mayi aja imandikumbutsa china chomwe chimandidandaulitsa. M'makomo mwathu muli zithunzi za makolo zimene zikudyedwa ndi chiswe ndi chinyontho, zina zinajambulidwa ku studio zaka za m'ma 1970 ndi 1980, agogo atavala suti ataima pafupi ndi kampando ka maluwa, ndipo palibe amene akuganiza zoziika pa sikana mpaka maliro atachitika. Tsiku la maliro nde aliyense ali pa chipwirikiti, pulogalamu ikufunika pofika madzulo, kumangotola chilichonse chili pa foni. Abale, tengani alubamu ya kwanu mukadali pa mtendere, pitani nayo pomwe pali sikana, sungani mafayilo pa malo awiri. Chithunzi chapepala chikanyowa chatha.

Tsopano mashopu. Alipo amene amalandira chilichonse osanena kanthu, akuona kuti fayilo ndi yaing'ono koma bola ndalama, kusindikiza, kukulunga, kukupatsa uli pa changu kuti ukaone uli kunyumba. Amenewo ndi olakwa ndithu ndipo ngati anu sanakuchenjezeni kuti fayilo yanu siikwana A1, ali ndi gawo lawo pa mlanduwu. Wosindikiza wabwino amatsegula fayilo uli pomwepo, amakuuza kuti apa sipatuluka bwino. Alipo ena amene satsuka mitu ya makina, chithunzi kumatuluka ndi timizere topingasa, izo si vuto la fayilo, mukaona timizere totero bwezani ntchitoyo. Palinso amene amasindikiza zithunzi za anthu pa makina a ma banner, a inki zinayi zokha, chifukwa ndi okhawo amene ali nawo, osakuuza kuti khungu la munthu silituluka mofanana ndi pa makina a zithunzi okhala ndi inki 8 kapena 12 ngati ma Epson ndi ma Canon akuluakulu aja.

Za ma font nazo ndinene pang'ono poti ambiri opanga ma poster amawerenga kuno. Mumapanga ntchito yanu mu CorelDRAW ndi font yokongola imene munaipeza pa intaneti, mwatumiza fayilo ya CDR, kompyuta ya ku shopu ilibe font imeneyo, imangoika ina, mizere kusuntha, dzina la mkwatibwi kudukira pa mzere wina. Nthawi zinanso CorelDRAW yawo ndi yakale, fayilo yanu osatseguka n'komwe. Ndipo ma font ambiri alibe chilembo cha ŵ, nde mukalemba Malaŵi pamatuluka kabokosi pakati. Sankhani zolemba zonse, dinani Ctrl+Q zisanduke ma curves, kutanthauza zojambula zosadaliranso font, werengani mayina mobwereza musanatero chifukwa zikasanduka simungakonzenso mosavuta, kenako tumizani PDF. A Canva sankhani PDF Print, osati PNG.

Za mapikiselo

A1 ndi 594 x 841 mm. Kuti isindikizidwe pa 300 ppi (mapikiselo 300 pa inchi iliyonse) pamafunika mapikiselo pafupifupi 7016 x 9933, ndipo makamera ambiri a pa maukwati safika pamenepo, koma musadandaule, chithunzi cha pakhoma munthu amachionera patali, 150 ppi imakwana bwino, kutanthauza pafupifupi 3508 x 4967. Kamera ya 24 megapixel imapereka 6000 x 4000, pa A1 imeneyo ndi pafupifupi 170 ppi, zokwanira ndithu ngati chithunzicho chinajambulidwa chakuthwa ndipo simunachidule kwambiri. Koma cha pa WhatsApp chija cha 1600 pa A1 chimagwa pansi pa 50 ppi. Timabokosi tanu tachokera pamenepo. 300 ppi isungireni zinthu zogwira m'manja, alubamu, makadi, A4 yomwe imafuna 2480 x 3508. Ndipo kulowa mu Photoshop n'kulemba 300 pomwe panali 72 sikubweretsa chilichonse chimene kamera sinajambule, yang'anani nambala ya mapikiselo, imeneyo ndi imene imanena zoona.

Za mitundu

Suti ya buluu kusanduka pepo kawirikawiri zimachitika fayilo ikasinthidwa kuchoka ku RGB (mitundu ya kamera ndi sikirini) kupita ku CMYK (mitundu ya inki zinayi) mwachisawawa, buluu wowala ndi amene amayamba kuvulala. Anthu ambiri anamva kuti chilichonse chosindikiza chikhale CMYK, izo zinachokera ku makina a offset osindikizira manyuzipepala ndi mabuku. Makina a inkjet a zithunzi amafuna RGB, amagawa okha mitundu ku inki zawo, ndipo mukawapatsa CMYK mwataya kale mitundu imene akanatha kuitulutsa. Siyani chithunzi mu sRGB, yomwe ndi RGB wamba, onetsetsani kuti posunga mwachonga pa embed profile kuti profile, kachidziwitso kouza kompyuta mmene iwerengere mitundu, ipite limodzi ndi fayilo. Adobe RGB ili ndi mitundu yambiri, makamaka obiriwira, koma ikafika kwa munthu amene kompyuta yake siiwerenga profile chithunzi chimatuluka chozimiririka, nde musaigwiritse ntchito pokhapokha shopu yanena kuti imailandira. CMYK tumizani ngati iwo apempha, ndipo afunseni kuti ya profile iti.

Kuda kwa nkhope nako, sikirini ya laputopu kapena foni imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, nde mukamakonza zithunzi usiku kuwala kwa sikirini kuli pa 100, chilichonse chimaoneka chowala kuposa mmene chilili. Akatswiri amaika kuwala kwa sikirini pa 120 cd/m² kapena kutsikirapo pogwiritsa ntchito kachipangizo koyezera sikirini ngati Spyder, koma opanda kachipangizoko tsitsani kuwala mpaka zoyera za pa sikirini zifanane ndi pepala loyera lomwe mwaligwira pambali masana. Ndipo ife khungu lathu ndi lakuda, mbali yaikulu ya nkhope imakhala m'mithunzi, pomwe mkwatibwi wavala zoyera mbee kamera imachepetsa kuwala kuti diresi isapse, nkhope n'kumira. Pa pepala losanyezimira ndi pa kanivasi mithunzi imatsekeka msanga kuposa pa la glossy. Kwezani ma shadows pa nkhope musanatumize, yang'anani histogram, girafu yoonetsa kuwala ndi kuda kwa chithunzi, kuti zonse zisaunjikane kumanzere komwe ndi mbali ya zakuda. Izi ma video ambiri ophunzitsa pa YouTube sazinena chifukwa anthu amene amawajambula si akhungu lathu, ndipo zimandipweteka kuona maukwati okongola akupachikidwa pakhoma mano okha ndi diresi zikuoneka.

Nde yankho lanu achimwene, musasinthe shopu kaye. Bwererani ku fayilo yochokera mu kamera, RAW (yomwe kamera sinaikonze) ngati ilipo, dulani pa muyeso wa A1 nokha kuti asakudulireni mitu ya anthu, siyani mpata m'mbali poti fremu imabisa mamilimita angapo, ngati ndi kanivasi yokulunga pa thabwa onjezerani masentimita asanu mbali zonse, ngati ndi yodula mpaka m'mphepete ikani bleed, mpata woonjezera woti udzadulidwe, ya 3 mm. Sungani ngati TIFF kapena JPEG ya quality yapamwamba, kamodzi kokha, ikani pa flash mupite nokha. Afunseni makina amene asindikizire, pepala lanji, ndiponso ngati ali ndi ICC profile ya pepalalo, kafayilo koonetsa mmene mitundu imatulukira pa pepalalo, kuti muyesere pa Photoshop. Kenako lipirani kachidutswa kakang'ono ka nkhope ndi phewa la suti pa saizi yeniyeni, tulukani nako panja mukaone pa dzuwa, inki ikauma. Akakana kukusindikizirani kachidutswako, pamenepo nde sinthani shopu. Kasitomala muuzeni zoona kuti mubwerezanso ndi ndalama zanu, ndipo mukamuonetse kachidutswako avomereze musanasindikize chachikulu.