Kodi mwana wanga apite ku msonkhano wa madokotala wokambirana zosamala magazi a odwala?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake, yemwe akumaliza maphunziro a udokotala, akupempha ndalama zopitira ku msonkhano wokambirana njira zochitira opaleshoni popanda kudalira kwambiri magazi a anthu ena. Funso lawo ndi lakuti: kodi ulendowu ungamuthandize pa ntchito?

Mayi, mwana wanu waika mtima pa nkhani yofunika ndithu. Magazi operekedwa ndi anthu amasowa kawirikawiri, ndipo ngakhale amapulumutsa miyoyo, kuika munthu magazi kuli ndi zoopsa zake. N'chifukwa chake mu 2010 msonkhano waukulu wa World Health Organization, bungwe loona za umoyo padziko lonse, unalimbikitsa mayiko kusamala magazi a wodwala mwiniyo. Madokotala amayeza wodwala pasadakhale n'kumupatsa ayironi ngati magazi ake ali ochepa, amachepetsa kutaya magazi ndi mankhwala monga tranexamic acid kapena makina otolera magazi otayika n'kuwabwezera m'thupi, ndipo kwa odwala ambiri amene sakutaya magazi sathamangira kuwaika magazi a anthu ena pokhapokha hemoglobin, chinthu cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya wabwino, itatsika kufika pafupifupi magalamu 7 pa desilita imodzi ya magazi. Kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, wokhudza amayi oposa 20,000, anasonyeza kuti tranexamic acid akaperekedwa msanga amachepetsa imfa za amayi otaya magazi pobereka. Choncho nzeruzi zidzamuthandiza, kaya adzakhale dokotala wa opaleshoni, wogonetsa odwala, wa matenda a magazi kapena wa amayi oyembekezera.

Misonkhano yodalirika ilipo. Pa mabungwe olimbikitsa kusamala magazi a odwala, la NATA limachita wake chaka ndi chaka ku Ulaya, la SABM limachitira ku United States, pomwe la International Society of Blood Transfusion, loona za kuika anthu magazi, lakhalapo kuyambira mu 1935 ndipo nalonso limachita misonkhano. Koma chenjerani, chifukwa pa intaneti palinso misonkhano yachinyengo yongofuna ndalama. Musanalipire, mwanayo asonyeze aphunzitsi ake dzina la bungwe limene lakonza msonkhanowo.

Malangizo anga enieni ndi akuti asapite chimanjamanja. Wophunzira amene wangokhala kumbuyo n'kumamvetsera amabwerera ndi satifiketi yomwe olemba ntchito sayiwerengera kwenikweni, pomwe amene wakaonetsa kafukufuku wake, ngakhale wamng'ono, amadziwana ndi akatswiri omwe angadzamutsogolere pa maphunziro apamwamba. Apemphe mphunzitsi mmodzi kuti amuyang'anire, atenge chilolezo cha chipatala chimene akuphunzirako, kenako awerenge odwala amene amafika ku opaleshoni ali ndi magazi ochepa ndiponso angati mwa iwo anathandizidwa nthawi ilipo. Chidule cha ntchitoyo atumize kwa okonza msonkhano, ndipo afunsenso za mtengo wa ophunzira ndi thandizo la ndalama za ulendo, popeza mabungwe ena amapereka. Ngati chaka chino kafukufukuyo sanakonzeke, musakongole ndalama. Atsatire maphunziro amene mabungwewa amaika pa intaneti, ndipo adzapite chaka chamawa ntchito yake ikadzatha.