Mu 1850 kunalibe sitima yopita ku Oregon

Achemwali, m'nkhani yachikondi imene mukulemba, mtsikana akupita ku Oregon, kumadzulo kwa America, pa sitima mu 1850. Sitimayo ichotseni m'nkhani yanu. Mtsikana wanuyo sakanafika ku Oregon pa njanji mu 1850. Njanji yodutsa dziko lonse la America inamalizidwa mu 1869 ku Promontory Summit, ku Utah, ndipo inkathera ku California. Mukwezeni ngolo ya ng'ombe kuchokera ku Independence, Missouri, ulendo wa miyezi 4 mpaka 6.

Komatu zimenezi zikukomerani. Mabuku otere ndawerenga ambiri, ndipo amene amandigwira mtima ndi omwe chikondi chimayambira panjira. Anthu ambiri ankayenda wapansi pambali pa ngolo, fumbi lili koboo, amayi akutola ndowe zouma za njati zophikira poti nkhuni zinkasowa, kolera ikupulula anthu m'mbali mwa mtsinje wa Platte. Mnyamata womuthandiza mtsikanayo kukumba manda a bambo ake safunikanso kulankhula zambiri.

Chinanso, lamulo la malo la 1850 ku Oregon linkapatsa mwamuna wokwatira malo owirikiza kawiri a wosakwatira, theka m'dzina la mkazi. Ndiye muvutitseni mtsikanayo: mnyamatayo akumufunira chikondi kapena munda?

Mukafika polemba za anthu a mtundu wa Cayuse kapena Lakota, omwe ndi eni nthaka a ku America, musadalire mafilimu. Pezani katswiri wa mbiri, makamaka wa mtundu womwewo, awerenge musanasindikize.