Anazunzika kapena anazunzidwa? Mafunso pa nkhani za ogwidwa pankhondo

Funso: Aphunzitsi, ndimalemba nkhani za pa wailesi. Ponena za akaidi a kundende ya Abu Ghraib ku Iraq, amene zithunzi zawo zinatuluka mu 2004, ndilembe kuti "anazunzika" kapena "anazunzidwa"? Akonzi anga akuti n'chimodzimodzi.

Yankho: Akonzi anuwo aphonya. Tsinde ndi limodzi, -zunz-, koma -ik- ndi -idw- sagwira ntchito yofanana. Kuzunzika kumangonena momwe munthu alili, sikuloza chala aliyense. Munthu amazunzika ndi njala, malungo kapena umphawi. Kuzunzidwa kumafuna wozunza, ndipo womvera amafunsa pomwepo kuti "ndi yani?" N'chifukwa chake mwana akaswa mbale amathamangira kunena kuti "yasweka", sanena kuti "yaswedwa".

Ku Abu Ghraib ozunza ankadziwika. Asilikali a ku America ankavula akaidi, kuwasanjikiza ali maliseche, kuwaveka matumba kumutu ndi kuwaopseza ndi agalu. Mu 2005 khoti la asilikali linagamula kuti awiri mwa asilikaliwo akakhale kundende: Charles Graner zaka 10, Lynndie England zaka 3. Choncho lembani kuti "anazunzidwa ndi asilikali". Chiganizo cholunjika kwambiri ndi chakuti "asilikali anazunza akaidi".

Funso: Kodi "kufunsa", "kupanikiza ndi mafunso" ndi "kufinya" zimasiyana pati?

Yankho: Kufunsa kulibe mlandu. Pangano lachitatu la ku Geneva la mu 1949 sililetsa kufunsa msilikali wogwidwa, koma ndime 17 imati iye akuyenera kunena dzina lake lonse, udindo wake, tsiku lobadwa ndi nambala yake ya usilikali basi. Akakana kuyankha zina, omugwirawo saloledwa kumuopseza, kumutukwana kapena kumumana chilichonse chomuyenera. Kufunsitsitsa ndi kupanikiza ndi mafunso ndi kufunsa mobwerezabwereza, osamupatsa mpata, komabe chida chake ndi pakamwa.

"Kufinya" ndi mawu a pabwalo la bawo. Munthu akati "anamufinya mpaka anaulula", onse amadziwa kuti panali zibakera, koma mawuwo amasandutsa nkhaniyo nthabwala. M'nkhani yolembedwa asiyeni. Chenjeraninso ndi mayina okometsera ochokera kwa ozunzawo. Zigawenga zitaukira dziko la America pa 11 September 2001, bungwe la ukazitape la dzikolo la CIA linkatcha njira zake kuti enhanced interrogation techniques. Mukangotembenuza kuti "njira zamphamvu zofunsira mafunso", mwawathandiza kubisa. Nenani chimene chinkachitika: kumumangirira munthu chagada pa thabwa, kumuphimba nkhope ndi nsalu n'kumathirapo madzi mpaka amve ngati akumira, kapena kumumana tulo masiku angapo.

Funso: Timati bambo akuzunza mkazi wake, timatinso asilikali akuzunza mkaidi. Kodi mawu amodzi omwewa akukwanira pa nkhani za malamulo?

Yankho: Pocheza akukwanira, pa malamulo amaperewera, chifukwa kuzunza kwa m'Chichewa n'kotambalala. Pangano la United Nations loletsa kuzunza la mu 1984 limatchula zinthu zinayi: ululu ukhale waukulu, wa m'thupi kapena m'maganizo; uchitidwe mwadala; pakhale cholinga monga kuululitsa, kulanga kapena kuopseza; ndipo wochitayo akhale wa boma kapena wololedwa ndi wa boma. Zosafika pamenepo panganoli limaziika m'gulu lina, la nkhanza ndi zonyazitsa, zomwenso n'zoletsedwa.

Malire ake amavuta ngakhale oweruza. Mu 1971 ku Northern Ireland, akuluakulu achitetezo a Britain ankaimiritsa omangidwa atatsamira khoma ndi nsonga za zala kwa maola ambiri, kuwaveka matumba kumutu, kuwaikira phokoso losatha, kuwamana tulo, chakudya ndi madzi. Mu 1978 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wachibadwidwe linati izi zinali nkhanza ndi zonyazitsa koma sizinafike pa gulu loyamba lija la kuzunza, chigamulo chomwe ambiri amachitsutsabe. Polemba, onjezani cholinga: "kuzunza pofuna kuululitsa zinsinsi", "kuzunza pofuna kulanga".

Samalaninso ndi "anavomera mlandu". Ngati anachita kumenyedwa, lembani kuti "anamukakamiza kuvomera". Musati "anamuvomereza", pakuti kuvomereza ndi kugwirizana nazo. Ndime 15 ya pangano la United Nations lija imakana umboni wopezeka mwa kuzunza, ndipo ndime 2 imati nkhondo kapena lamulo la bwana si chifukwa chozunzira munthu.

Funso: Cholondola n'chiti, "mkaidi wankhondo" kapena "mkaidi wa pankhondo"?

Yankho: Chachiwiricho. "Wankhondo" ndi msilikali kapena munthu wokonda ndewu, ndiye "mkaidi wankhondo" akumveka ngati wovuta m'ndende. Komabe ambiri akamva "mkaidi" amaganiza za wopezeka wolakwa kukhoti, pomwe msilikali wogwidwa sanalakwe pomenya nkhondo motsatira malamulo. Amasungidwa kuti asabwerere kukamenyana, ndipo ndime 118 ya pangano lachitatu la ku Geneva imalamula kuti kumenyana kukatha amasulidwe mosachedwa. "Msilikali wogwidwa pankhondo" ndi dzina lomveka bwino. Osanyamula zida muziwatcha "anthu wamba osungidwa ndi asilikali". Iwowa amatetezedwa ndi pangano lachinayi la ku Geneva.