Kompyuta ya Ubuntu yomangozima n'kuyakanso yokha

Achimwene, mwati kompyuta yanu ya purosesa ya Ryzen 5 1600, yokhala ndi Ubuntu 22.04 (mtundu wa Linux), ikumangozima n'kuyakanso yokha, makamaka usiku mukaisiya osaigwiritsa ntchito, ndipo mukuganiza zofufuta zonse n'kuikamo Ubuntu wina. Chonde dikirani kaye. Mukafufuta mutaya umboni, ndipo ngati vuto lili m'zipangizo za m'kati, mawa libweranso.

Ikangoyaka, tsegulani terminal mulembe journalctl -b -1 -e. Muona mizere yomaliza imene inalembedwa m'kaundula wa zochitika kompyuta isanazime. Ngati pali mawu osonyeza kuti systemd, pulogalamu imene imayatsa ndi kutseka mapulogalamu ena, inkatseka mapulogalamu mwadongosolo, ndiye kuti china chake chinalamula kuti iyambenso, ndipo kernel, mtima wa Linux, ilibe mlandu. Koma mizere ikangodukira panjira, nkhani ndi ina.

Kernel ikagwa, zimene amati kernel panic, nthawi zambiri sikwanitsa kulemba chilichonse pa disiki. Ndiye lembani sysctl kernel.panic muone nambala yake. Nambala ikakhala yoposa 0, kompyuta imadikira masekondi amenewo n'kuyambanso, uthenga wonse n'kupita inu muli m'tulo. Ikhale 0 kuti iime pomwepo, m'mawa mujambule sikirini ndi foni. Suzumiraninso mu /var/lib/systemd/pstore, chifukwa makina ambiri a UEFI (pulogalamu yoyatsira makompyuta a masiku ano) amasungamo mawu otsiriza a kernel.

Komabe ine mtima wanga uli pa purosesayo, chifukwa cha mawu anu oti zimachitika ili chete. Ma Ryzen oyamba, amene anatuluka mu 2017, anavutitsa anthu ambiri a Linux mwanjira yomweyi. Purosesa ikasowa chochita imalowa m'tulo tofa nato totchedwa C6 kuti isunge magetsi, ndipo ina imalephera kudzuka bwino, kompyuta n'kuuma kapena kuyambanso. Mukaipatsa ntchito yolemera imayenda tsiku lonse osadandaula, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka. Lembani sudo dmesg | grep -i mce muone ngati pali mzere wa Hardware Error. Kenako lowani mu BIOS (makonzedwe amene mumalowamo kompyuta ikamayaka), pezani Power Supply Idle Control, musankhe Typical Current Idle. Ikasowa, BIOS yanu ingakhale yakale, ikani yatsopano. Njira ina ndi kuwonjezera processor.max_cstate=1 pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT mu /etc/default/grub, n'kulemba sudo update-grub.

Zikapitirira, zimitsani XMP (njira yothamangitsira RAM) mu BIOS, musiye kompyuta ikuyesa RAM ndi memtest86+ usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi chokha ndi chokwanira kuikayikira RAM. Magetsi nawonso musawaiwale: akangophethira pang'ono, power supply yotopa imagonja babu la m'nyumba lisanaonetse n'komwe. Ngati mungabwereke UPS (batire lopatsa kompyuta magetsi akathima) kwa masiku angapo, yesani.

Pempho langa n'lakuti muzisintha chinthu chimodzi, n'kudikira masiku atatu kapena anayi musanakhudze china, apo ayi simudziwa chimene chachiza. Yambani ndi za mu BIOS zija, ndipo mutiikire pano mizere 30 yomaliza ya journalctl tiionere limodzi.