Laputopu yakale ma USB afa, ndikonzetse kapena ndigule ina?

Wina wandilembera kuti ali ndi laputopu yakale imene amataipira makalata a makasitomala komanso kusungamo maakaunti a bizinesi yake. Ma port awiri a USB sakugwira, latsala limodzi, DVD drive inasiya kalekale, ndipo masiku ano hard drive ikumamveka kuti kwe kwe kwe ikamayaka. Akufunsa ngati n'koyenera kuthirapo ndalama.

Achimwene, za ma USB zidikire kaye. Kaphokoso kameneko ndi kamene kandidetsa nkhawa, hard drive ikayamba kulira choncho imakhala yatsala pang'ono kufa ndipo ikafa imapita ndi zonse, mndandanda wa amene muli nawo ngongole, ma invoice, makalata a anthu omwe analipira kale. Lero lomwe kopani mafayilo anu pa flash kudzera port yotsalayo, kapena muwaike pa Google Drive, amapereka 15 GB yaulere.

Mukatero ndalama yoyamba ipite ku SSD, chosungira mafayilo chothamanga chomwe chimalowa m'malo mwa hard drive. Malaputopu ambiri akale amalowa ya 2.5 inch ya SATA, kuyika kwake ndi timasikuluu tingapo basi, ndipo makina amene amatenga nthawi yaitali kuyaka amayamba kuthamanga mpaka mudabwa. Chimene ndimaikondera SSD ine ndi choti ndalama yake siitayika, laputopuyo ikadzafa mumangoichotsa n'kukaiika mu ina.

DVD drive isiyeni. Kasitomala wobweretsa CD masiku ano ndi wosowa.

Ma USB, zimitsani makina muunike mkati mwa ma port ndi tochi, nthawi zina ndi fumbi chabe kapena kachitsulo kapindika. Ngati afadi gulani USB hub, kachipangizo kokhala ndi ma port angapo, muilumikize pa port yamoyoyo, printa, mouse ndi flash zonse zilowe pamenepo. Malaputopu ena ma port ake amakhala pa kabolodi kapadera kosavuta kusintha, koma ngati anawotcheredwa pa motherboard, bolodi lalikulu la makina, ndiye pofunika kusamala, mufunseni tekinishani mtengo asanatsegule ndipo mugwirizane kuti akapeza vuto lina akuimbireni kaye, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri ndalama zimawathera pang'onopang'ono, lero port mawa kibodi mkucha polowetsa chaja.

Palinso nkhani ya Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10, kutanthauza kuitumizira ma update oiteteza, pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi processor ya Intel kuyambira 8th generation kapena yofanana nayo. Ngati mumalowa kubanki pa laputopu imeneyi zimenezi n'zofunika kuziganizira, Linux Mint, yomwe mungaike m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale, kungoti onani kaye ngati printa yanu ingagwire nayo.

Phatikizani mtengo wa SSD, hub ndi wa tekinishani. Zikapitirira theka la mtengo wa laputopu ya second hand yomwe ili bwino, ine ndingagule SSD yokha, n'kuyamba kusungira laputopu ina.