Kodi mawu akuti "kukhudza" ndi oyenera pa kafukufuku wa luso lamakono?

Funso: Ndine wophunzira pa yunivesite ndipo ndikuchita kafukufuku pakati pa amayi ogulitsa m'misika amene amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Mutu wanga ndi wakuti "Kukhudza kwa luso lamakono pa anthu". Kodi Chichewa chimenechi n'cholondola?

Yankho: Mutu wanuwu ukumveka, koma Mchewa sangauyale chotere. Pofotokoza zimene chinthu chikuchita pa moyo wa anthu, chiyankhulo chathu chimatsamira pa mneni, ndipo chimayamba ndi "momwe" kapena "mmene". Mneni wotsatira mawu amenewa amalandira kumapeto kwake mphatikiri -ira kapena -era malinga ndi lembo la liwu la m'tsinde lake, n'chifukwa chake timati "momwe foni zikuthandizira" koma "momwe foni zikuwonongera". Ophunzira ambiri amasiya mphatikiri ameneyu polemba, ngakhale kuti poyankhula samuiwala.

Chachikulu chimene ndikufuna muchiganizire ndi mneni weniweniyo. Mawu akuti "kukhudzidwa" timawamva kawirikawiri pamaliro ndi pangozi, monga momwe mu 2023 tinkanenera za anthu okhudzidwa ndi namondwe wa Freddy. Mukafunsa mayi wogulitsa tomato kuti foni yamukhudza bwanji, mwamulozera kale njira ya madandaulo, ndipo adzakuuzani za akuba a pafoni ndi za ndalama zimene amadulidwa potapa, n'kusiya kunena kuti masiku ano amalipira wompikulitsa popanda kukwera minibasi. Pamenepo vuto la mawu lasanduka vuto la kafukufuku, chifukwa mayankho apendekekera mbali imodzi. Mneni "kusintha" alibe kulemera kotereku, popeza chinthu chikhoza kusintha mokomera munthu kapena momupweteka.

Palinso china. Rob Kling, amene anaphunzitsa pa Indiana University ku America ndipo anathandiza kukhazikitsa phunziro loona ubale wa pakati pa makompyuta ndi moyo wa anthu, ankatsindika kuti zotsatira za makompyuta sizichokera m'makinamo mokha, koma zimadaliranso anthu ndi mabungwe amene akuwagwiritsa ntchito. Choncho ndi bwino kuti amayiwo aoneke m'mutu wanu ngati ochita, osati ochitiridwa chabe. Ine ndikanalemba kuti: "Momwe amayi a m'misika akugwiritsira ntchito ndalama za pafoni ndi momwe zasinthira malonda awo". Musanapite kumsika, werengerani mafunso anu mokweza kwa wogulitsa mmodzi kapena awiri, ndipo mumvetsere ngati akuyankha zimene mwafunsadi.